Katoni yonunkha pamsika wa Tsangano

Ntchito yanga yoyamba ndinailowa imvi zitamera kale. Musaseke. Mbatata ndinkalima, koma bwana ndinalibe. Mlamu wanga ndiye anandinong'oneza kuti kwabwera mayi wina wophunzitsa za zomera, akufuna munthu wodziwa matanthwe a kwathu ku Tsangano.

Zimene ankafuna mayiwo zinali zochititsa manyazi: timitengo tatifupi ngati zala, topanda masamba, todzaza madzi m'kati, tomera m'ming'alu ya miyala. Ngakhale mbuzi imatilambalala. Ankati tili mitundumitundu: tina ta maluwa ofiira ngati chiwindi, tina ta mawanga a nkhanga, tina taubweya. Maina ake lilime langa linawakana.

Kagwiridwe kake nkotere: ndi mpeni wakuthwa udule nthambi ziwiri, tsinde ulisiye. Uziumitse pamthunzi, uzikulunge m'nyuzipepala, ulembe nambala ndi pensulo, kenako m'katoni yoboolaboola. "Agogo, m'pulasitiki ayi," ankatero mayiwo.

Tsiku lina anatsogola kuboma, nʼkundisiyira katoni kuti ndiwatsatire nayo m'mawa mwake. Kunacha ndi mvula yowaza, ndiye mwa nzeru zanga ndinaikulunga m'jumbo yakuda nʼkumanga ndi mphira. Ndikudikira minibasi pamsika, dzuwa linaswa mtengo. Maluwa amenewa amanunkha nyama yowola pofuna kuitana ntchentche, ndipo m'jumbo yotentha ija anaitanadi. Zinabwera zobiriwira zija.

Tsoka ilo, sabata yomweyo anthu osadziwika anali atafukula manda m'mudzi wina wapafupi.

"Madala, mwanyamulamo chiyani?" anafunsa wogulitsa nyama, chikwanje chili m'manja.

"Maluwa, mwana wanga."

"Maluwa onunkha maliro?"

Ndinaona anthu akuwerama, osati kupemphera ayi, kutola miyala. Wakabaza wina ankagubuduza tayala.

Ndinamasula mphira nʼkutsegula katoni mwachangu, nyuzipepala nʼkung'ambika. Tinthu tija tinagwera pansi, tofota, totuwa.

"Mayo, zala za munthu!" anakuwa mayi wa tomato.

Ndinalibe Chizungu cha mayi wa zomera uja chofotokozera. Ndinatola kamodzi, ndinakaluma pakati, nʼkukweza m'mwamba kuti onse aone kubiriwira kwa m'kati. Kuwawa kwake! Ndinatafunabe, misozi ili chuchuchu, mpaka ndinamva miyala ikugwa pansi umodziumodzi.

"Agogo awa ngamisala chabe," anatero wa nyama uja. Sindinatukwanidwepo mokoma chonchi.

Kuyambira tsiku limenelo katundu wanga amayenda poyera. Ngakhale nkhuku yangayanga, ndikainyamula m'thumba, mutu wake umakhala kunja.