Chaka Chomwe Usipa Unali Tchimo

"Mulungu wanuyo amaopa usipa, achemwali?" Anatero malume ali kunja kwa chipata, kaphukusi ka usipa kali m'manja. Mayi anali mkati. Sanatsegule.

Ndinali Sitandade 4. Bambo atatithawa, mayi analowa gulu la mkulu wina ku Dwangwa, wovala nsalu ya olenji ngati waba katani, amene ankati Chihindu anakachiphunzira ku India. Tinkamutchula Mphunzitsi. Tinasamukira mumpanda mwake. Nsomba ayi, wailesi ayi, abale ayi. Mwana wa ku Nkhotakota osadya nsomba! Ndinaonda mpaka udzudzu unkangondidutsa pondimvera chisoni. Tinkaimba mawu osamveka mpaka lilime kuchita matuza, utsi wa lubani uli tolo, maso akuyabwa.

Malume anabweranso, ulendo uno chimanjamanja. Agogo, bambo awo a mayi, amwalira ku Benga. Mphunzitsi anati maliro amadetsa, misozi imamangirira mzimu wa wakufa, ndipo wotuluka kupita kumaliroko asadzabwerenso. Mayi anayang'ana chipata, anayang'ana ine, n'kukhala pansi. Tikanabwerera kuti? Nyumba yathu anali ataipereka kale ku gululo.

Wololedwa kutuluka ndinali ine ndekha, kukagula lubani kusitolo ya mayi wina wachimwenye, Mhindu weniweni, wa kadontho kofiira pamphumi. Ndinamuuza monyada kuti kumaliro sitinapite chifukwa ndife a chipembedzo chawo.

"Chathu?" Anasiya kuyeza shuga. "Ine mayi anga atamwalira ndinatseka sitolo ino, ndinapita kukalira. Nsomba sindidya, inde, koma antchito anga amadyera pakhonde pompa. Ukawafunse amayi ako kuti makiyi a chipata amasunga ndani."

Sindinafunse. Mutu unali pa maswiti amene anandipatsa. Pano, Folomu 4 ndamaliza, ndimaona kuti mayi uja ananena zonse.

Tinatuluka mvula itayamba, malume atabwera ndi asodzi anzawo n'kuzula chipata chonse. Koma chimene chinkandizunguza mutu n'chakuti sabata ya maliroyo mayi ankangosamba, m'mawa, masana, madzulo, madzi okwana kuthirira munda wonse wa nzimbe. Mpaka lero ndimawaseka nazo.

Nditaponya izi pagulu la kalasi yathu pafoni, Yusufu, amene kwawo kunali kuseri kwa mpandawo, anayankha:

"Iwe zonse umakokomeza, koma apa usaseke aise. Bafa lanulo linagundana ndi khitchini yathu. Mayi ako sankasamba. Ankathira madzi pansi kuti Mphunzitsi asawamve akulira."