Mapilitsi M'chitini cha Mabatani

"Mapilitsi a kuchipatala m'chitini cha mabatani! Alamu, mumafuna kutiphera munthu kapena chiyani?"

Amene ankakuwa choncho anali asisi ake a telala, botolo lobiriwira lili m'manja, akulilozetsa pamphuno pa mkazi wa mchimwene wawo. Telala mwini wakeyo anangokhala pampando wa makina, manja atawapanikiza pakati pa mawondo kuti anthu asaone mmene akunjenjemerera.

Mayi ameneyu musamuone kufatsa. Zaka makumi awiri ndi zitatu wakhala akusoka pakhonde la sitolo ya zitsulo, ndipo ana atatu wawaphunzitsa ndi phazi lopalasa makina. Ulusi ankaulowetsa pasingano uku akucheza, osayang'ana n'komwe. Ukangodutsa pamsewu, iye wadziwa kale chiuno chako.

Chaka chatha zinthu zinayamba kusokonekera. Thukuta kamukamu ngakhale kukuzizira, mtima kugunda ngati akumuthamangitsa, kudya ngati womanga nyumba koma thupi likungotha. Kuchipatala anamutenga magazi n'kumuuza kuti chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi kaja, chikugwira ntchito mopyola muyeso. Anamupatsa timapilitsi toyera, akuti amwe chaka ndi theka, ndipo azibwera kudzayezetsa.

Chaka ndi theka! Apa ndi pamene analowerera alamu. Anali atangolowa kumene gulu lija lovala masikipa ofanana, logulitsa makapisozi a zitsamba, la anthu amene akakhala pa semina masiku awiri amatuluka akudzimva udokotala.

"Izi n'zachilengedwe, alamu anga, sizipweteka. Onani, alembapo chithokomiro. Koma osaphatikiza ndi zakuchipatala, zimadana."

Ndiye ungamukane bwanji mkazi wa mchimwene wako, woti wakwera basi ziwiri kudzakuona? Telala anaponya mapilitsi ake m'chitini n'kuyamba makapisozi. Manja atanyanya kunjenjemera, alamu anawomba m'manja. "Eya! Ndiye kuti akugwira ntchito. Poizoni akutuluka ameneyo."

Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti wina aliyense akanaonekera msanga. Wina madiresi akanamukhwepa, anthu n'kufunsa. Koma uyu ndi telala. Lolemba lililonse m'mawa, makasitomala asanabwere, ankadziyeza ndi tepi, n'kubweza diresi lake pang'ono, msoko wake waukhondo woti sungauone. Miyezi inayi akuyenda atatchena bwinobwino, anthu n'kumamuyamikira kuti akudzisamala. Kudzisamala kwa chiyani, munthu akutha ngati sopo!

Zinaululika Lachinayi. Anayala nsalu ya mkwatibwi patebulo, nsalu yoti mwini wake anachita kuitanitsa kutali, n'kulemba bwinobwino ndi choko. Sizasi itangolowa, dzanja linachita zake. Kwee! mpaka pachifuwa. Mkwatibwi analira, mayi ake ananyamula zidutswazo n'kupita nazo kwa telala wa tsidya la msewu, ndipo pofika madzulo makasitomala ena awiri anali atabwera kudzatenga nsalu zawo zosasoka. Asisi atamva anathamangira pakhondepo. Pofuna pini m'chitini muja, anapeza mapilitsi osatsegula n'komwe.

M'mawa mwake anamukokera kuchipatala, botolo la makapisozi lili m'chikwama. Dokotala anawerenga timalemba ta kumbuyo n'kuvula magalasi.

"Mayi, umu muli udzu wa m'nyanja, wodzaza ayodini. Chithokomiro chanu n'chothamanga kale, inu mukuchipatsanso chakudya. Yambani kumwa mapilitsi aja lero. Manja akhazikika, koma patenga miyezi, ndipo mtimawu tiuyeze kaye."

Miyezi. Telala wa tsidya uja adikira miyezi? Makasitomala adikira?

Ndiye tangoganizani, akuchokera kuchipatalako, anapeza alamu atakhala pakhonde, sikipa ili pathupi, atabweretsa botolo lachiwiri. Mkangano uja unayambira pamenepo.

"Ine ndimangothandiza," anatero alamu. "Ku semina anatiuza kuti chithokomiro ndi chithokomiro basi."

"Mukutiuza zoona? Ndiye nsapato ndi nsapato basi, muvale za mwana wanu!" anakuwa asisi.

Apa telala anaimirira. Anthu a pamsewu umenewu anali asanamumvepo akukweza mawu, moti ngakhale wogulitsa zitsulo anatulutsa mutu pazenera.

"Asisi, khalani chete kaye. Alamu, ine sindikumenyani ayi, ndipo kwa achimwene sindikakunenezani. Inunso munapusitsidwa. Koma pali munthu amene anaima kutsogolo ndi maikolofoni n'kukuuzani zimenezi, ndipo pano akuuzanso ena. Muimbireni foni."

"Amakhala otanganidwa, alamu..."

"Ine ndiye ndili ndi nthawi, ntchito yandithera. Imbani panopa, muike pa sipika. Andiuze yekha, anthu onsewa akumva: magazi anga anawaona liti? Ayankhe!"