Zisononkho zisanu ndi chimodzi

Chaka chachiwiri cha ku yunivesite tinachita lendi nyumba imodzi atsikana asanu, tonse ophunzira zaulimi, tonse openga ndi mbewu zamakolo. Lamulo lolowera m'nyumbamo linali limodzi: aliyense abwere ndi mbewu yakwawo. Wina anabweretsa nzama, wina mawere, wina khobwe. Anzathu ankatiseka kuti ndife agogo ovala majinzi, ife osalabadira.

Ine ndinabwera ndi zisononkho zisanu ndi chimodzi za chimanga cha amayi anga. Chinali cholimba, cha maso oyera osakanikirana ndi ofiirira, chomwe anankafumbwe ankachilephera. Amayi anali atamwalira chaka chapitacho, ndipo abambo anali atasinthira ku chimanga chamakono chogula m'sitolo. Zisononkhozo ndinazipeza zili lende kudenga la khitchini kwathu kufupi ndi Kasakula, zitada bii ndi utsi. Zina kunalibe. Ndinafunsa kwa azakhali ndi kwa anansi, onse anali atachisiya kalekale.

Ndinazipachika pa msomali m'chipinda chomwe ndinkagona ndi mnzanga wa ku Madisi. Tinkabwerekana nsapato, tinkalukana tsitsi, kutchalitchi tinkakhala benchi imodzi. Iyeyu ndinamuuza zonse, mpaka misozi.

Tonse asanu tinkadziwa chinthu chimodzi chomwe ngakhale wa chaka choyamba amachidziwa. Chimanga chikamasula, mphepo imanyamula mungu kupita nawo ku minda yoyandikana. Chamakolo ukachidzala pafupi ndi chamakono chimasakanikirana, ndipo mbewu yake siibwereranso mwakale. N'chifukwa chake ndinanena poyera, tikudya, kuti changa chisadzalidwe kuseri kwa nyumba, poti mwini nyumba anali ndi chamakono kungodumpha mpanda. Ndinkafuna kukachidzala ndekha kumunda wa azakhali kuphiri, komwe kulibe munda wina pafupi. Onse anagwedeza mitu movomereza.

Mvula isanagwe a ku yunivesite ananditumiza ku Mvera kukaphunzira ntchito kwa alangizi kwa miyezi itatu. Ndinaganiza kuti mbewu idikire chaka chinacho, poti youma bwino siwonongeka msanga.

Nditabwerera ndinapeza msomali uli wokha. Mnzanga uja anali pakhonde akuchapa.

"Chimanga changa chili kuti?"

"Khala pansi kaye, asisi."

"Ndafunsa chimanga."

Anapukuta manja pachitenje, maso ali pa beseni. Anati kafukufuku wake ankafunika mtundu wachitatu wa chamakolo woti auyerekeze ndi chamakono, ndipo nthawi inali itamuthera. Anati anandiyimbira koma foni sinkapezeka. Bodza lenileni, chifukwa sabata iliyonse tinkacheza pa foni nkhani za anyamata.

"Wadzala zingati?"

"Zonse. Mizere inali yambiri."

Ndinapita kumunda woyeserera wa ku yunivesite ndikuthamanga ngati ndingasinthe kanthu. Chinali chitamasula kale, chachitali kuposa china chonse, mzere wa amayi, mzere wa chamakono, mzere wa amayi, mzere wa chamakono. Pa kachikwangwani analemba kuti mbewuyo inachokera kumudzi kwawo.

Chomwe chimandiwawa mpaka lero si iye yekha. Kutong'ola anatong'ola onse anayi, pa mphasa ya pabalaza, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anati tisiyeko chisononkho chimodzi. Akanakhala anthu osadziwa ndikanawakhululukira tsiku lomwelo. Koma awa anakhoza mayeso a phunziro lomweli, wina mpaka kutiposa tonse. Atandiona ndikulira, wamkulu mwa atsikana asanufe anati, "Komatu mbewu n'zogawana, si ndiye cholinga cha nyumba ino?" Ndinalowa kuchipinda n'kutseka chitseko.

Ndinakhalabe m'nyumbamo mpaka chaka chinatha, poti kopita kunalibe. Moni tinkapatsana, nsapato ayi.

Atakolola, mnzanga uja anandibweretsera thumba lodzadza, wasankha zisononkho zikuluzikulu, nkhope ili mwee ngati wandibwezera ndi chiwongola dzanja. Ndinalitenga, ndinakwera nalo minibasi mpaka kwathu, mumtima ndikuti mwina mphepo inatikomera mtima.

Abambo anali pansi pa mtengo wa mango akukonza mpini. Sindinawauze kanthu, ndinangowapatsa chisononkho chimodzi. Anachitembenuza, anatong'ola njere imodzi, n'kuiluma. Inaphwanyika mosavuta, ufa mbuu pamlomo.

"Chabwino ndithu," anatero. "Wagula kuti?"