Mlonda Amene Mapeto Ake Anasutidwa

Mabuku aja anali atatu, achingerezi, okhuthala ngati njerwa. Anandibweretsera ndi msuweni wanga wogwira ntchito m'tauni, atawagula pa mulu wa mabuku akale m'mbali mwa msewu. Nthawi imeneyo ndinali ndi khanda kumsana, ndipo munthu wofika Folomu 4 akakhala pamudzi amawerenga chilichonse, ngakhale pepala lokulungira sopo. Ndinawameza onse atatu. Koma pakamwa panga sipasunga nkhani.

Inali nyengo yosankha fodya kwathu kufupi ndi Nsaru. Tinkalowa m'chigafa m'mamawa, tsamba likadali lofewa ndi chinyezi, n'kukhala pamphasa kumasiyanitsa lowala ndi lakuda, lalitali ndi lalifupi, n'kumamanga timitolo take totchedwa ndindi. Tinalipo ine, mayi, bambo amene anali mkulu wa mpingo, amalume amene anabwerera kwathu ukwati wawo utatha, ndi amuna anga. Pantchito imeneyi manja amatanganidwa koma makutu amangokhala. Ndiye ndinayamba kuwafotokozera mabuku aja m'Chichewa, pang'onopang'ono, tsiku lililonse chigawo chake.

Nkhani yake inali ya mzinda wozunguliridwa ndi linga. Kunja kwa lingalo kunkakhala akufa okana kugona m'manda, ofuna kulowa. Mlonda wamkulu wa chipata anali munthu amene anatayidwa kunjako ali khanda, n'kuleredwa ndi akufawo mpaka kumera ndevu. A mumzinda anamulandira chifukwa ankadziwa mayendedwe a adaniwo, ndipo anawapulumutsa kambirimbiri. Koma kumapeto kwa buku lachiwiri, mlondayo anatsekula chipata yekha n'kulowetsa chithunzithunzi chimodzi chovala nsanza. Wolemba sananene kuti chinali ndani. M'buku lachitatu anamumanga n'kumuimika pabwalo la milandu.

Ndipo apa ndi pamene amalume anatilaula. Buku lachitatulo ndinalisiya pakhonde ndisanalimalize, iwo n'kuona kuti mapepala ake ndi ofewa bwino. Anayambira kumbuyo, poganiza kuti akundichitira ulemu, n'kumang'amba limodzilimodzi kupichirira chingambwe. Pomwe ndinkazindikira, mlandu wonse wa mlonda unali utapita ndi utsi. Ndinalusa mpaka kulira, iwo akungoti, "Iwe, ndimayesa kumbuyoko kumakhala zosafunika."

Mpaka lero ndimazizwa ndi zimene zinatsatira. Munthu amene sanakhaleko, wa kudziko lozizira limene palibe wa ife analiona, anatigwira mitima mudzi wonse. Anthu ankasiya zigafa zawo kudzamva za iye kwathu. Pamjigo amayi ankakangana mpaka ndowa kusefukira. Mayi ankati mlondayo anachita kudyetsedwa mankhwala ndi mkazi wina wa kunja kwa linga. Amalume, osachita ndi manyazi omwe, ankati unali msampha: analowetsa mmodzi kuti a mumzinda amugwire n'kumufunsa zinsinsi. Ndipo ankaonjezera kuti iwo ndiwo ayenera kudziwa bwino, poti mapeto ali m'chifuwa mwawo.

Bambo sankaseka nawo. Poyamba ankati mabuku a mizimu si oyenera m'nyumba ya mkhristu, koma ndinkawaona akuchedwa dala ndi tsamba limodzi m'manja ndikafika pokoma. Maganizo awo anali amodzi, osasuntha.

"Munthu ndi wa amene anamulera," ankatero. "Anangovala yunifolomu ya mzinda. Tsiku lofunika litafika, anatsekulira akwawo."

Akatero tonse tinkadziwa kuti sakunena za mlonda yekha. Amuna anga anachokera kumbali ya Kabudula, kumudzi wa gule wamkulu, ndipo bambo awo anali munthu wamkulu kudambwe. Amuna angawo analowa kalasi kumpingo, n'kubatizidwa kuti andikwatire, n'kubwera kudzakhala chikamwini kwathu. Ankalima kuposa tonse, kutchalitchi osajomba. Komabe bambo ankawayang'ana ngati munthu wobwereka, amene eni ake adzamuitanitsa tsiku lina. Zinkandipweteka kwambiri. Ndikamaikira kumbuyo mlonda uja mokweza mawu mpaka mwana kudzidzimuka, ndinkadziwa amene ndikumumenyera nkhondo. Ndipo pansi pamtima ndinkaopa kuti mwina bambo akunena zoona.

Amuna angawo ankangosankha fodya wawo. Tsiku lina bambo anawafunsa maso ali pafodya, "Nanga inu apongozi, mukuti mlondayu ndi wa mbali iti?" Iwo anangoti, "Zamabuku sindizidziwa, bambo," n'kupitiriza kumanga ndindi.

M'mawa wina wa chisanu foni ya amuna anga inalira tili m'chigafa momwemo. Anamvetsera, n'kuiika pamphasa mosamala. Bambo awo anali atatisiya.

Tonse tinadziwa tanthauzo lake. Maliro a munthu wotero amaikidwa ndi gule, ndipo lamulo la mpingo wathu linali lodziwika: mkhristu apite akapepese, koma ng'oma ikalira achoke. Wotsalira amadulidwa, osadyanso mgonero mpaka atalapa. Bambo anapepesa mwaulemu wonse, kenako anati, "Mupite, apongozi. Koma ng'oma ikayamba, mukudziwa chochita."

Amuna anga anamaliza kumanga ndindi imene inali m'manja. Kenako analankhula motsitsa, ndipo aka kanali koyamba kuwamva akunena za buku lija.

"Bambo, munandifunsa za mlonda uja. Ine ndimaganiza kuti wovala nsanza uja ndi amene ankamufunditsa ali khanda. Mzinda sanaugulitse ayi. Koma munthu amene anakufunditsa akaima pachipata, sumufunsa kuti ndi wa mbali iti."

Mwezi wathunthu tinkakangana, ine mwini kuwerenga ndikubwereza masamba omwewo, koma palibe anaganizapo zimenezo. Bambo anatola tsamba, n'kuliyang'ana nthawi yaitali, n'kuliika pamulu wolakwika.

Tinanyamuka tsiku lomwelo panjinga yamoto. Mawa lake, tsiku loika, bambo anafika panjinga yawo yakapalasa atavala jekete lakuda la kutchalitchi, pamodzi ndi anzawo ochepa a mumpingo, kudzapepesa maliro a sewere wawo. Anakhala kumbali ya amuna. Ine ndinali pakati pa amayi, mtima uli m'mwamba.

Dzuwa litapendeka ng'oma inagunda. Ndinali ndisanaimvepo pafupi chonchi, inkachita kulowa m'mimba. Amayi anayamba nyimbo, fumbi linakwera kuchokera kumsitu wa kumanda, ndipo zilombo zinatulukira, zina zazitali kuposa denga, zina zothamanga mopepuka ngati sizikuponda pansi. Ndinakulira m'nyumba imene zimenezi sitinkazitchula n'komwe, ndipo ndinachita mantha, komanso sindinathe kuchotsa maso. Akhristu anayamba kunyamuka mmodzimmodzi, akusasa fumbi, kulowera kumsewu. Amuna anga anakhalabe pafupi ndi bokosi la bambo awo, mutu uli pansi.

Bambo anaimirira nawonso. Ndinati basi, zatha, akawaneneza amuna anga kwa akulu anzawo, ndipo mawu awo aja akwaniritsidwa. Anayenda pang'ono kutsata anzawo, n'kuima. Kenako anatembenuka, n'kudutsa pakati pa anthu, chipewa chili m'manja, n'kukakhala pansi pafumbi pambali pa mkamwini wawo. Sanayang'ane gule, sanayang'ane munthu. Anakhala pomwepo mpaka mwambo wonse unatha. Ndinalira kwambiri tsiku limenelo, ndipo anthu ankayesa ndikulira apongozi okha.

Kubwalo la akulu a mpingo bambo sanadikire kuitanidwa. Anakadzinenera okha, ndipo akuluwo anawadula onse awiri, iwo ndi amuna anga.

Masiku ano ndili ndi foni yoti ndikhoza kufufuza mapeto a buku lija. Msuweni wanga akuti kuli magulu a anthu a maiko akutali amene amakanganabe za mlonda yemweyo, ena akuti anali kazitape, ena akuti anali atafa kale chiyambire. Sindinafufuzepo. Chimene ndimakumbukira ndi Sabata ya mgonero imene inatsatira. Bambo, amene kwa zaka zambiri ankayenda ndi mbale ya timakapu kugawira anthu, anakhala pabenchi yakumbuyo kwenikweni, pamodzi ndi amuna anga. Mbale inafika pabenchi ya kutsogolo kwawo n'kubwerera. Nyimbo itayamba, amuna anga anapezeka kuti aiwala buku lawo la nyimbo kunyumba. Bambo anatsekula lawo, n'kulisendeza pakati kuti aonere limodzi.