Woweruza Wonyamula Beseni

Aneba anga kuno ku Cape Coast ali ndi zaka 83, ndipo anapuma kalekale pa ntchito yoweruza milandu. Akamadutsa mumsewu anthu amawapatukira mwaulemu. Koma Loweruka lililonse masana, anzawo anayi a kusekondale akafika pakhonde pawo, bambowa amasanduka kamnyamata. Iwo analowa sukulu chaka chimodzi pambuyo pa enawo, ndiye mpaka lero ndi iwo obweretsa madzi osamba m'manja, kusenda kenkey (nsima ya kuno yokulunga m'masamba) ndi kugawa nsomba, mutu kupita kwa wamkulu.

"Iwe mwana, tsabolayo wakagula kutali ku Kumasi?" amakuwa a Ebo, mkulu wa gululo, amene mano anawathera kale.

"Ndikubwera, akulu," amayankha aneba anga, akukoka mwendo.

Ine ndimangosuzumira pampanda, mtima ukundiwawa. Ndinabwerako ku Toronto ndi anzanga mazanamazana pafoni, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene angandikalipire mokoma chonchi.

Loweruka lapitali ndinawaona akudzandira ndi beseni, madzi akuwatayikira pamapazi. Ndinathamangira komweko, mumtima ndikuti mwina lero andipatsako mpando.

"Agogo, bweretsani ndikunyamulireni."

Analikumbatira beseni lija ngati ndabwera kudzawalanda.

"Unalipo iwe mu 1956, pomwe a Ebowa ankandichapitsa masokosi awo onunkha? Beseni ili ndinalivutikira ine. Pita ukapeze akulu ako."

A Ebo anaseka mpaka kutsamwa, kenako anawakalipira kuti madzi achedwa. Mpando wopanda munthu unalipo, koma palibe anandilozera.