Mtembo wa achimwene unkadikira ku Joni

Achimwene anamwalira ku Joni mvula itangoyamba. Anandiimbira foni ndi anzawo ogona nawo chipinda chimodzi. Anati asonkhasonkha ndalama zonyamulira mtembo koma zaperewera, ndipo a kumotchale anena kuti Lolemba likadutsa, boma likwirira lokha mtembowo kumanda a anthu opanda abale. Achimwene anga enieni, kukwiriridwa ngati galu! Ndinangokhala pansi pakhonde pathu ku Chelstone, mu Lusaka.

Pothawira panali pamodzi. Mwana wathu wamkazi ndi namwino ku Mangalande, ndipo mwezi uliwonse amatumiza kangachepe. Koma ndalamazo zimabwera m'dzina la bambo ake, poti iwo ndiwo ali ndi chiphaso cha dziko lino. Ine wa ku Mchinji, ndakalambira mu Lusaka muno koma mapepala anga ndi akwathu. Tsono za mwezi umenewo amuna anga anali atalonjeza kale mmisiri womanga mpanda wa nyumba.

Ndinawapempha nditagwada, sanandiyankhe inde kapena ayi. Loweruka m'mawa atavala jekete kuti akatenge ndalamazo m'tauni, nanenso ndinamanga chitenje n'kukwera nawo minibasi yomweyo. Njira yonse anangoyang'ana pawindo.

Pamalo olandirira ndalama, chapafupi ndi msewu wa Cairo, mzere unali utafika panja. Apo m'pamene anatsegula pakamwa, m'Chinyanja chawo cha m'tauni.

"Imwe ba ku Malawi vuto yanu ni iyi. Dziko yonse ilindila ndalama za ku Joni. Ise kuno tili na migodi ya kopa, sitidya thukuta ya bana."

Ndinayang'ana mzerewo. Kutsogolo kwathu kunali mayi wogulitsa pamsika wa Kabwata, kumbuyo mdala wa tayi amene anatsika m'galimoto yonyezimira ngati za ku Kabulonga. Aliyense foni ili m'manja, akuwerenga nambala yomwe mwana wamutumizira.

"Nanga onsewa akudikira kopa, bambo?" ndinatero.

"Izi ni zoonjezela chabe. Kwanu mukachotsa za ku Joni, na malata onse yagwa."

Zinandilasa chifukwa pang'ono zinali zoona. Kwathu ukaona nyumba ya malata, sufunsa, umadziwa kuti muli mwana kunja. Za maiko awiriwa, kuti lodalira kwambiri ana ake ndi liti, ine sindidziwa, ndipo tsiku limenelo ndinalibe nazo ntchito. Ndinkangoona mzere ukufupika, ndipo ndinadziwa kuti ndalamazo zikalowa m'thumba la jekete, ulendo wake ndi wa kwa mmisiri.

Atatsala pang'ono kufika pawindo, mtima unandiphulika. Ine pakamwa panga ndikakwiya sipatsekeka.

"Namwino amene mukunyadirayu anaphunzira ndi kopa? Pamene penshoni yanu inachedwa, fizi analipira ndani? Si malume ake omwewa, akusenza matumba a simenti ku Joni? Kwathu mwana ndi wa malume, ndipo iwo sanathawe udindo wawo. Lero mukufuna mpanda, iwo akwiriridwe kutchire?"

Mayi wa ku Kabwata uja anatembenuka n'kuwayang'ana amuna anga kuyambira kunsapato. Mdala wa tayi anatsokomola. Nkhani ya penshoni ija amuna anga sanauzepo ngakhale abale awo, ndipo ine ndinaiyala pamsewu.

Anafika pawindo, anasaina, analandira. Sanaziike m'thumba. Anandigwira dzanja, n'kuziika m'manja mwanga anthu onse akuona.

"Tengani, amai. Mwanilipilisa."

Anatuluka osacheuka. Ine ndinabwerera kumapeto kwa mzere womwewo kuti nditumize ku Joni, misozi ili chuchuchu. Ndinasangalala, ndisaname, komanso ndinachita mantha.

Mtembo unafika ku Mchinji pagalimoto ya katundu, ndipo achimwene anagona pafupi ndi amayi athu. Amuna anga sanabwere. Kwathu mkamwini kusowa pamaliro a mlamu wake ndi nkhani yaikulu, ndiye azakhali ndi anthu onse ankangondifunsa kuti bambo ali kuti. Ndinati adwala. Tikukhalabe nyumba imodzi, ndimawaphikira, amadya. Koma chichokere tsiku lija sanapondenso kwathu, ndipo ndikapita ndekha, azakhali amandifunsabe ngati bambo anapezako bwino.