Nthochi ya Pamanda Anga

Nsapato zija zinali zakuda, za zingwe. Bambo anandigulira ku Zimbabwe, pafamu pamene ndinabadwira. Atamwalira, mayi anamanga katundu n'kunditenga kubwera kwawo, kwa malume, m'mudzi wa m'mbali mwa nyanja kumunsi kwa Khombedza. Inali nyengo ya mvula. Ku chilumba cha Mbenji anali atatseka usodzi, asodzi ali pamudzi, malume akungosoka maukonde pakhonde.

M'kalasi mwathu wa nsapato ndinali ndekha. Chichewa changa chinali chosakanikirana ndi Chishona, ndipo ndikangotsegula pakamwa anzanga ankafa ndi phwete. Ankanditcha wobwera. Kumenyedwa ndinamenyedwa, nanenso ndinamenya. Zimenezo zinali zopiririka.

Mwezi womwewo munthu wina anamira. Anapita ndi bwato, mphepo n'kumupeza pakati pa nyanja. Anamufunafuna osamupeza. Kuno mtembo ukasowa m'madzi, amadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu, n'kukaliika kumanda m'malo mwa munthuyo. Ine mwambowo sindinkaudziwa. Nditaumva, ndinafunsa kusukulu kuti anthu akuluakulu angalire bwanji nthochi. Sindinkadziwanso kuti womirayo anali bambo a mnyamata wamkulu wa m'kalasi mwathu, wobwereza, amene aliyense ankamuopa.

Sanandimenye. Anangondiyang'ana.

Tsiku lina pa buleki anandikokera kuseri kwa sukulu, kufupi ndi chigwembe. Dzenje anali atakumba kale. Awiri anandigwira manja, wina anandivula nsapato. Anabweretsa nthochi yokulunga m'chiguduli, kuigoneka m'dzenjemo, nsapato zanga pambali pake. Anaimba nyimbo ya maliro motsitsa mawu. Atsikana anagwira kumutu, akulira mwabodza. Dothi linali lonyowa, lonunkha mizu. Atakwirira, mnyamata wamkuluyo anapukuta manja pakabudula.

"Uyu wapita," anatero. "Amene amulankhule, amutsatira."

Kuyambira tsiku limenelo palibe anandikhudza. Palibenso anandiyang'ana. Tinkakhala pansi mothithikana, koma ine ankandisiyira malo mbali zonse. M'njira ankabwera molunjika, ine n'kumapatuka. Ndikalankhula, wina ankatembenukira mnzake n'kufunsa kuti, "Wamva kamphepo?" Aphunzitsi, mlendo wochokera boma lina, anali ndi ana odzaza chipinda. Tsiku lina anafunsa kuti uja wa ku Zimbabwe ali kuti, ine ndili pomwepo pakona. Kalasi inayankha pamodzi kuti anamwalira. Aphunzitsi anamwetulira. "Masewera otani amenewo," anatero, n'kutembenukira kubolodi.

Sindiwada. Anali otopa. Koma akanangoyang'ana pakona.

Za nsapato ndinauza mayi kuti zinkandithina, ndinapatsa munthu. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

Mwana akamva chinthu chimodzi tsiku ndi tsiku amayamba kuchikhulupirira. Chakudya chinasiya kukoma. Chambo chinkamveka ngati nsanza m'kamwa. Ndinkadzitsina pamkono, ululu n'kumamveka kutali, ngati wa munthu wina. Ndikayenda ndinkacheuka kuti ndione ngati ndikusiya mapazi, koma mvula inkafufuta, ine n'kumati mwina sanalipo n'komwe. Kunyumbanso ndinasiya kulankhula. Mayi ananditengera kuchipatala. Anandiyeza malungo, sanawapeze, anatipatsa mapilitsi a mutu. Masiku ano pawailesi matenda amenewo ali ndi dzina. Nthawi ija ankangoti mwanayu ndi wofatsa.

Ndinayamba kuchoka pakhomo ngati ndikupita kusukulu, n'kumakakhala m'bango. M'menemo ndinaganiza bwinobwino, monga aganizira mwana. Nthochi amaiika m'manda chifukwa mtembo uli m'madzi. Nthochi yanga inali m'manda. Ndiye kuti ine malo anga anali m'madzi, ndipo pamtunda ndinkangosowetsa anthu mtendere.

Linali dzuwa la masana. Nyanja inali zii, yofiirira chifukwa cha mitsinje ya mvula. Padoko panalibe munthu, mabwato atawavundikira pamchenga. Ngakhale mbalame sizinkalira. Ndinalowa m'madzi ndi yunifolomu yomwe. Madzi anali ofunda. Anafika m'mawondo, m'chiuno, pachifuwa. Mantha ndinalibe, ndipo zimenezo n'zimene zimandiopsa lero. Ndinkamva ngati munthu amene wachedwa ndipo akumudikira.

Dzanja linandigwira kolala. Anali malume.

"Ukupita kuti, iwe?"

"Kumene kuli mtembo wanga."

Sanandimenye. Anandinyamula ngati thumba la usipa n'kukandikhazika pamchenga. Ndinafunsa kuti andipeza bwanji.

"Ndatsata mapazi ako," anatero.

Ndinayang'ana. Analipodi, ang'onoang'ono, kuchokera m'bango mpaka m'madzi. Pamenepo m'pamene ndinalira, n'kunena zonse, theka m'Chishona.

Malume anatenga khasu. Tinapita kusukulu ine ndikudontha madzi, ana ali pamawindo. Kuseri kuja, pamanda anga, panali tsamba lobiriwira, lopindika, litatulukira m'dothi. Ana aja sanadule thunthu monga amachitira akulu. Anazula mphukira ndi mizu yake yomwe, ndipo mvula inaidzutsa.

"Ya maliro amadula, sazula," anatero malume. "Taona, yaphuka. Palibe wafa pano."

Anakumba pambali, osaikhudza. Anatulutsa nsapato zanga, chiswe chitadya zingwe, n'kundipatsa m'manja. Kenako anaitana mnyamata wamkulu uja. Onse tinkadikira mbama. Malume anangowerama, nalankhula motsitsa.

"Bambo ako ndinawafuna nawo m'madzimo, mwanawe. Sindikufuna kukafunanso wina."

Mnyamatayo anayang'ana zovala zanga zonyowa. Anathawira m'chimanga. Ndikamaganiza lero, nayenso anali mwana amene anaona nthochi ikulowa m'manda, n'kuuzidwa kuti ndi bambo ake. Palibe anamufunsa kanthu.

Sindinachire tsiku limenelo. Anzanga anayamba kundilankhula pang'onopang'ono, ena mwamantha. Sukulu sindinapite nayo patali. Ndine msodzi, ndimakwera nawo ku Mbenji akatsegula. Nthochi ija inaswana, pano ndi chitsamba chachikulu. Imabereka bwino, koma palibe mwana amadya. Amati pali mzukwa. Sadziwa kuti mzukwawo ndi ine, amene ndimawagulitsa usipa.

Chimene chinkandinyansa nyengo ija chinali cha mayi. Kuyambira tsiku la kunyanja lija anayamba kundiitana dzina popanda chifukwa. Ali kumtondo, kuitana. Ali kuchitsime, kutuma mwana adzandiitane. Ndikathamanga n'kufika n'kuti, "Wawa, mayi," ankandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Palibe. Pita."

Patapita kanthawi, kuitananso. Ine ndinkang'ung'udza, n'kumati maliro a bambo awasokoneza mutu. Sindinkadziwa kuti sankafuna kundituma. Ankangofuna ndimve dzina langa m'kamwa mwa munthu, ndiyankhe.